Chidendene Chinathyokera ku Kacholola

Ntchito yanga ya masiku onse ndi kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pa msika wa Kafue, koma dzina limene anthu amandidziwa nalo ndi Ba Matroni. Ukwati ukayandikira ndine ndimaphunzitsa lainapu, anyamata ndi atsikana aja amene amalowa mu holo akuvina kutsogolo kwa mkwati. Ndachita zimenezi zaka zambiri, ndipo sindikudzitama ayi, kale lainapu yanga ikamalowa anthu ankakwera pa mipando kuti aone bwino.

Masitepe anga ndinkawatola mumsewu. M'mawa uliwonse popita ku msika ndinkasintha njira, lero kudutsira ku njanji, mawa ku Boma, tsiku lina kuzungulira kuseri kwa mafakitale, maso ali pa miyendo ya anthu. Mayi wosenza beseni la nsomba kuchokera ku mtsinje ali ndi kayendedwe kake. Kondakita wolumphira minibasi ikuyenda ali ndi kake. Ndikafika pa benchi langa ndinkalemba m'kabuku zimene ndaona, madzulo n'kuyesa ndekha m'chipinda. Kenaka ndinagula foni yaikulu ija, ndi kupeza kuti masitepe alimo ambirimbiri, okonzeka kale. Kuyenda ndinasiya. Ndinayamba kukwera takisi kupita ku msika, mutu uli pansi, chala chili pa foni.

Manyazi anandipeza Loweruka lina pamene holo imodzi inali ndi maukwati awiri, wathu masana, wina madzulo. Lainapu yanga inalowa ndi masitepe amene ndinawaphunzitsa milungu itatu. Madzulo lainapu ya matroni wina inalowa ndi nyimbo yomweyo, masitepe omwewo, mpaka kagwedezedwe ka phewa komweko. Tonse awiri tinali titakopera vidiyo imodzi. Anthu a ku Kafue sasunga nkhani m'mimba, ndipo pofika Lolemba ngakhale abale anga a ku Katete anali atamva.

Ku Katete n'kumene kunali kubwera ukwati wa Tisa, mwana wa mlongo wanga. Mwanayu ndinakhala naye zaka zisanu m'nyumba mwanga akuphunzira sekondale, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ankanena kuti tsiku la ukwati wake adzalowa mu holo ine ndili patsogolo. Mlamu wanga, amake Tisa, anandiimbira foni sabata la ukwati lisanafike, ndipo sanazungulire.

"Ba Matroni, musatibweretsere za pa foni, ana kuno ali nazo kale. Ndipo mukapanda kufika Lachitatu faifi koloko, lainapu tipereka kwa mayi wina wa pa saluni kuno. Masiku atha."

Ndinayankha kuti asadandaule, masitepe atsopano ndili nawo asanu ndi limodzi. Linali bodza. Ndinalibe ngakhale limodzi, mutu unali utauma gwa. Koma ndinadzitonthoza kuti ulendo ndi wautali: ndikapeza mpando wa pa windo, nyimbo m'makutu, kabuku kanga kakale pa miyendo, pofika Katete ndidzakhala nditakonza zonse.

Lachitatu ndinafika pa siteshoni ya maminibasi kukungocha. Ndinali nditavala nsapato zatsopano za gogoda, zagolide, zimene ndinagulira ukwatiwo. Amene amavina pa maukwati amadziwa kuti nsapato yatsopano suiyambira mu holo, imakudula chala, ndiye ndinaganiza zoifewetsera pa ulendo. Nsapato zina ndinaziika pansi penipeni pa chikwama chachikulu.

Minibasi inkaoneka yodzaza, kondakita akulumbira kuti watsala munthu mmodzi chabe. Nditakhala pansi, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi n'kukaima panja akuseka ndi dalaivala. Anali anthu ongokhalamo kuti ife opusa tikwere. Tinadikira mpaka dzuwa linatuluka, ndipo womaliza kukwera anali Ba Mwanza, bambo wosoka nsapato amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anati akupita ku Petauke kukaona mlongo wawo. Anandipatsa moni, koma monga mwa chizolowezi chawo, moniwo anapatsa mapazi anga, nkhope sanaiyang'ane n'komwe.

Pa Shimabala dalaivala anaima kuti akweze amayi atatu ndi katundu wawo wa ku msika wa ku Lusaka. Thumba la kabichi analitsamiritsa pa mawondo anga, kabokosi ka tomato anakalowetsa pansi pa mpando mpaka kanandipana zidendene. Nditadandaula, kondakita anati ngati ndikufuna malo aakulu ndigule motoka yanga. Tisanafike Chilanga dalaivala anamva kuti kutsogolo kuli apolisi, ndiye anapatuka n'kuima kuseri kwa golosale, ati akuyang'ana tayala. Tayala limenelo analiyang'ana theka la ola. Ku Makeni tinalowa m'mzere wa magalimoto umene sunkasuntha, mpaka mnyamata wogulitsa matawulo anatipitirira kawiri akuyenda pansi. Basi ya m'mawa ya ku Chipata ndinaiona ndi maso anga ikutuluka mu siteshoni yaikulu ine ndikulowa.

Anyamata oitanira anthu anandilanda chikwama asanandifunse kumene ndikupita. Wina ankakoka uku, wina uku, ine ndikuthamanga pambuyo ndi gogoda zanga. Amene anapambana anandilonjeza basi yonyamuka pompano ndi mpando wa pa windo. Injini inali ikulira ndithu, dalaivala akupondaponda mafuta ngati akunyamuka, koma tinatuluka mu siteshoni ileveni koloko itadutsa. Mpando wa pa windo uja anali ataugulitsanso kwa mayi wina wa mwana wakhanda, ndipo ine sindikanakangana ndi munthu woyamwitsa. Ndinakhala cha ku njira. Nditatembenuka kuti ndione amene wakhala tsidya lina la kanjirako, ndinapeza ndi Ba Mwanza, akumwetulira nsapato zanga.

Ndinawerenga maola pa zala. Tikayenda osaima, faifi koloko idzandipeza cha ku Petauke, ndipo ndikhoza kumunyengerera mlamu pa foni kuti andidikire pang'ono. Ndinatulutsa kabuku, ndi kulemba pamwamba pa tsamba: Sitepe loyamba.

Pamenepo m'busa wa m'basi anaimirira ndi Baibulo lake pafupi penipeni ndi khutu langa. Ine ndine wa Pentekosite, ndimaimba mu kwaya, sindingatseke makutu munthu akulalikira. Ndinayankha Ameni mpaka ku Chongwe, mtima ukundiwawa ndi Ameni aliyense. M'busa atatsika, kondakita anayatsa filimu ya anthu okuwa ndi kumenyana, mawu ake okwana msika wonse. Ndinati ndiike nyimbo ya ukwati m'makutu, koma foni inandionetsa kamzere kofiira n'kuzima. Ndinali nditaigwiritsa ntchito m'mawa wonse kufufuza mavidiyo m'minibasi, ine yemwe amene ndinalumbira kuti sindikoperanso. Potchajira pa mpando wanga panali bowo chabe ndi mawaya awiri otuluka.

Ba Mwanza anaona kuti ndilibe chochita, ndiye anayamba kundisangalatsa. Ankaloza nsapato za anthu m'kanjira n'kumandiuza nkhani zawo monong'ona. Uyo ndi mlonda, amaima tsiku lonse pa mwendo wa kumanja. Uyo amapalasa njinga. Mayi uyo ali ndi bondo lopweteka koma sanauze munthu. Ine ndinkangoti ehe, ehe, maso ali pa tsamba langa loyera. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Koma imwe Ba Matroni, munaleka kuyenda."

Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Kudala munali kunibweretsera nsapato mwezi na mwezi, zodyeka kumbali. Ninali kukuonani mupita ku njanji, mupita ku Boma. Manje zaka zitatu, olo imodzi. Nsapato zanu sizisila, sizidyeka olo pang'ono."

Ndinawauza kuti ndinapeza wosoka wina wodziwa ntchito, ndipo kuti nkhani za miyendo yanga sizikuwakhudza. Anangogwedeza mutu n'kutulutsa mbatata yophika m'thumba. Wosoka wina kunalibe, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

Mapiri a Manenekela tinawakwera basi ikubuula, malole akutipitirira. Pa Luangwa tinaima, kutentha kwake kosanena. Anthu anatsika kukagula nsomba zouma ndi madengu, ine ndinatsala pa mpando kuti mwina m'basi mukakhala zii china chake chibwera. Ndinatseka maso, ndinagwedeza phewa, ndinasuntha phazi, koma chilichonse chimene thupi linkachita ndinkachizindikira: ichi ndi cha vidiyo ya anyamata a malaya oyera, ichi ndi cha ija ya m'munda wa maluwa. Mutu wanga unali utasanduka foni ya munthu wina. Ndinalira pang'ono, kenaka anthu anabwerera ndi nsomba zawo, ndipo fungo linadzaza basi yonse.

Titawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyenda ndithu, pa chitunda china tisanafike Kacholola, basi inatsokomola kawiri n'kuima. Nthunzi inatuluka kutsogolo. Dalaivala anati ndi kapaipi ka madzi chabe, mphindi khumi. Mphindi khumi zitatha anati makanika akuchokera ku Nyimba. Ola litatha anati makanikayo akufunafuna galimoto. Tinakhala m'mphepete mwa msewu pansi pa mitengo yopanda masamba, ntchentche zikutizungulira, aliyense akukweza foni m'mwamba kufuna netiweki imene kunalibe. Ndinapempha kondakita kuti anditsegulire kumene kuli katundu nditenge nsapato zina, koma anati chikwama changa chili mkati mwenimweni, kuseri kwa matumba a simenti, ndipo iye satsitsa simenti chifukwa cha nsapato.

Folo koloko itakwana sindinathenso kukhala pansi. Munthu wina wodutsa pa njinga anati ku masitolo a Kacholola kuli netiweki ndi potchajira, ndipo si patali. Musamakhulupirire munthu wa njinga akanena kuti si patali. Tinanyamuka gulu la anthu ngati khumi, ambiri amayi, ndi Ba Mwanza pambuyo. Ine ndinali patsogolo, ndikuyenda ndi mkwiyo, zala zikupsa m'nsapato.

Lole yaikulu itatulukira pa kona tinathawira m'miyala ya m'mbali mwa msewu, ndipo ndinangomva kuti thyo. Chidendene cha nsapato ya kumanzere chinatsala pakati pa miyala. Ndinachitola, ndinachiyang'ana, ndipo mawu amene ndinanena sindingawalembe pano, ndine wa kwaya. Ba Mwanza anati zida zawo zili m'basi, kuseri kwa simenti komweko. Kuvula sindikanatha, phula linali lotentha ngati chiwaya. Ndinabwerera pa msewu n'kupitiriza choncho, mwendo wina pamwamba, wina pansi.

Kuyenda ndi chidendene chimodzi n'kovuta. Ukaponda ndi chachitali chimalira go, ukaponda ndi chothyoka thupi lonse limagwera mbali imodzi, pha, ndipo kuti usagwe umafulumira kuponda kawiri ndi chachitali chija, chiuno chikutembenuka chokha, dzanja likutambasuka kufuna chogwira. Ndinayenda choncho mtunda ndithu ndisanamve kuseka kumbuyo. Nditacheuka ndinapeza mayi wina wonenepa, dengu la ku Luangwa lili pamutu, akunditsanzira. Mnzake naye anayamba. Miyendo yawo inali ndi dzanzi la m'basi, ndiye kutsimphinako kunkawakhala bwino kwambiri. Posakhalitsa amayi asanu anali pa mzere pambuyo panga, akugwera kumanzere onse pamodzi, akuseka mpaka misozi.

Ndinaima kuti ndiwatukwane. Ba Mwanza anandifika pafupi, maso ali pansi monga nthawi zonse.

"Osaimilila, Ba Matroni. Yendani, mumvere chabe."

Ndinayenda chifukwa nthawi inali kutha, osati chifukwa cha iwo. Koma khutu likamva lamva. Go, pha, go-go, pha. Go, pha, go-go, pha. Mutu wanga unayamba kuwerenga wokha monga unkachitira kale ku njanji: apa phewa litsike, apa dzanja lituluke, pachinayi onse atembenuke. Ndinayesa kutembenuka pachinayi, ndipo amayi aja anatembenuka nane, dengu osagwa. Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti chinthucho chinali chokongola, ndipo chinabwera pa ola limene sichikanandithandizanso.

Pa sitolo yoyamba ndinalumikiza foni, ndipo podikira kuti iyake ndinadzaza masamba atatu a kabuku nditaimirira. Itayaka, nthawi inali itadutsa faifi ndi mphindi makumi awiri. Mlamu anayankha nyimbo ikugunda kumbuyo kwake. Anati anandiimbira kasanu, anadikira, ndipo mayi wa pa saluni wayamba kale, sangamuchotse pamaso pa ana. Ndinafotokoza za kapaipi, za simenti, za masitepe amene tsopano ndinali nawo zoona, koma anati zimenezo ndikanena ndikafika. Kenaka foni anapatsa Tisa.

"Zilibe kanthu, Ba Anti," anatero ndi mawu aang'ono. "Bwerani chabe."

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Ndinakhala pa khonde la sitolo, nsapato yothyoka ili m'manja, mpaka basi inatipeza. Kunali kutada kale, ndiye tinagona ku Nyimba pa mipando yomweyo. M'mawa katundu atamutsitsa kuti achotse simenti ija, Ba Mwanza anatenga zida zawo n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse nsapato, ati pofika Petauke ikhala itakhala bwino. Ndinakana. Anandiyang'ana kumaso, koyamba pa ulendo wonse, n'kubweza nyundo m'thumba. Pa Petauke anatsika, ndipo ine ndi mtima wanga woumawu sindinawathokoze.

Ku Katete ndinafika Lachinayi masana. Lainapu inali ya mwini wake, ndipo ana ankandipatsa moni mwaulemu uja umene amapatsa munthu wodwala. Pofuna kundipukuta misozi, mlamu anati nditenge amayi akuluakulu a m'banja, azakhali ndi amayi aang'ono a Tisa, amene adzalowe ndi mphatso pakati pa phwando. Kawirikawiri amenewa amangoyenda akuomba m'manja, anthu ali kalikiliki ndi mbale za chakudya. Anali asanu ndi atatu, ndipo aliyense anayamba ndi kundiuza chimene chimamupweteka: uyu bondo, uyu msana, uyu chiuno. Ndinawatengera kuseri kwa nyumba, ndinavala gogoda zanga, ina yathunthu ina yothyoka, ndipo ndinawauza kuti pano bondo lopweteka ndiye likufunika.

Loweruka lainapu inalowa bwino, sindingawanamizire. Koma masitepe ake ndinawadziwa kuyambira loyamba mpaka lomaliza, anali a vidiyo yomwe ija imene inandichititsa manyazi ku Kafue. Anthu anaomba m'manja n'kubwerera ku mafoni awo. Chakudya chitayamba, woyendetsa mwambo anaitana amayi a mphatso. Ndinaima pakhomo ndi nsapato zanga zosiyana, amayi asanu ndi atatu pambuyo, mapoto ndi madengu pamitu.

Go, pha, go-go, pha. Pa kugwera koyamba anthu anaseka, akuganiza kuti wina wapunthwa. Pa kutembenuka koyamba nthungululu inalira kumbuyo kwa holo. Tisanafike pakati, anthu anali atasiya nkhuku m'mbale n'kuimirira, ena pa mipando. Sindinaone pamene Tisa anachoka pa tebulo la akwati. Ndinangoona nsapato imodzi yoyera ikutsetsereka pansi kudutsa pambali panga, ndipo nditacheuka anali pambuyo panga penipeni, atakweza diresi ndi manja awiri, akugwera kumanzere pamodzi ndi azakhali ake, nkhope yonse misozi. Ndinamutsogolera mpaka kutsogolo, ndikulira nanenso, chala chikutuluka magazi m'nsapato.

Nyimbo itatha mlamu anandipeza pa khomo ndikupuma. Anandikumbatira, thukuta lake ndi langa, ndipo anati holo yonse ikufunsa za ine. Kenaka anatulutsa foni yake.

"Koma iyi ndiye yabwino, Ba Matroni. Munaipeza pati? Munditumizireko vidiyo yake."

Ndinawerama, ndinavula nsapato yothyoka ija, ndinamuika m'manja pamwamba pa foni yakeyo, n'kutuluka panja kukafuna madzi akumwa.